Melaka: doko lakale lomwe alendo akuchuluka pamene nyanja ikutalikira

M'munsi mwa kaphiri ka St Paul, mumzinda wa Melaka ku Malaysia, muli chipata chamiyala chotchedwa Porta de Santiago. Ndi chotsalira cha linga lalikulu la A Famosa lomwe Apwitikizi adayamba kumanga m'chaka cha 1511. Kalelo lingali lidali m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, mafunde ankafika pakhoma. Lero ukaima pachipatapo nyanja suiona. Patsogolo pako pali bwalo, nyumba zikuluzikulu za masitolo, misewu ndi mahotela, zonsezo zitakhala pa dothi ndi mchenga zomwe anthu adachita kuthira m'madzi. Alendo amajambulitsa pachipatacho tsiku ndi tsiku, ambiri osadziwa kuti pomwe aimika basi yawo padali poima zombo.

Melaka ndi malo abwino oonerapo funso lomwe likuvutitsa mizinda yambiri yakale: kodi ntchito yokopa alendo ingapitirire bwanji popanda kudya chinthu chomwe alendowo akubwerera? Maganizo anga ndi akuti chuma chenicheni cha mzindawu ndi anthu ake, mabanja omwe adabadwa chifukwa cha doko, ndipo iwowo ndi amene akukankhidwira kunja pamene makoma akupakidwa penti. Koma kuti zimenezi zimveke, tiyenera kuyamba ndi mphepo.

Mphepo ndiyo idamanga mzinda

Pakati pa chilumba cha Sumatra ndi dziko la Amalay pali mpata wa nyanja wautali makilomita oposa 800. Chombo chochokera ku India kupita ku China chimafupikitsa ulendo podutsa pamenepo. M'nthawi ya zombo zamatanga, woyendetsa sankasankha yekha tsiku lonyamuka. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala mphepo imachokera kummwera chakumadzulo. Kuyambira Novembala mpaka Malichi imatembenuka, n'kumachokera kumpoto chakummawa. Ndi mphepo zomwezi zimene zinkabweretsa ngalawa za Aluya ndi Amwenye ku Kilwa ndi ku Sofala. Wamalonda wa ku Gujarat wofuna kukafika ku China n'kubwerera akadataya nthawi yaitali kwambiri akudikira mphepo uku ndi uko. Nzeru idali yokumana pakati: aliyense abwere ndi mphepo yake, atsitse katundu, agulitse, adikire kuti mphepo itembenuke, abwerere kwawo.

Cha m'ma 1400, kalonga wina wothawa kwawo ku Sumatra, dzina lake Parameswara, adakhazikika pomwe mtsinje wa Melaka umathira m'nyanja. Malowo adali ndi madzi akumwa, kaphiri koonera patali, ndi gombe lotetezeka ku namondwe. Adali ndi adani amphamvu, makamaka ufumu wa Siam, choncho adafuna chitetezo kwa mafumu a Ming a ku China, ndipo mu 1411 adapita yekha kukaonekera kumeneko. Zombo za kazembe wa ku China, Zheng He, zomwe zidakafika mpaka ku Malindi ndi Mogadishu, zinkaima ku Melaka pa maulendo awo. Mafumu a Melaka adalowa Chisilamu, zomwe zidakoka amalonda achisilamu a ku India, Persia ndi Arabia.

Chomwe chimandichititsa chidwi kwambiri pa nthawi imeneyi ndi dongosolo. Padoko padali akuluakulu anayi otchedwa shahbandar, aliyense woyang'anira amalonda a chigawo chake: mmodzi wa Agujarati okha, wina wa ochokera kummwera kwa India, Bengal ndi Burma, wina wa a ku Java ndi zilumba zoyandikira, wina wa a ku China ndi maiko a kufupi nako. Mlendo akafika ankadziwa woti amulandire, kosunga katundu, ndi kuchuluka kwa msonkho. Padalinso malamulo olembedwa a panyanja. Nsalu za thonje za ku India zinkasinthana manja ndi tsabola wa ku Sumatra, zokometsera chakudya za cloves ndi nutmeg za ku zilumba za Maluku ndi Banda, silika ndi mbale za ku China. Mpwitikizi wina, Tomé Pires, yemwe adakhala mumzindawu utangogwa m'manja mwa Apwitikizi, adalemba kuti padoko pankamveka zilankhulo 84.

Alendo amenewa sankabwera m'mawa n'kuchoka madzulo. Ankakhala miyezi, ena zaka. Ankachita lendi, kudya, kupemphera, kukwatira. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa ndiyo ikusiyanitsa mlendo wa kale ndi wa lero.

Olanda atatu

Chuma chotere sichikadabisika. Apwitikizi adafika koyamba mu 1509, zinthu sizidayende bwino, ndipo mu 1511 Afonso de Albuquerque adabwera ndi zombo zankhondo kuchokera ku Goa, ku India. Mu Ogasiti chaka chomwecho mzinda udagwa, Sultan Mahmud Shah n'kuthawa. Melaka idalowa mumzere wa madoko a Apwitikizi womwe unkadutsa pa chilumba cha Mozambique, Goa, kenako Macau. Wansembe Francis Xavier, yemwe adakhalapo miyezi ingapo pa chilumba cha Mozambique popita ku India, adafika ku Melaka kangapo, ndipo mu 1553 mtembo wake udaikidwa kwa kanthawi m'tchalitchi cha pamwamba pa kaphiri kaja asadaupititse ku Goa.

Koma kulanda doko si kulanda malonda. Amalonda ambiri achisilamu adasamukira ku madoko ena monga Aceh, Johor ndi Banten. Mu Januwale 1641 Adatchi, mothandizana ndi ufumu wa Johor, adalanda mzindawu atauzinga miyezi ingapo. Iwo mtima wawo udali ku Batavia, komwe lero ndi Jakarta, ndipo Melaka adaisunga makamaka kuti wina asaitenge. Adasiya nyumba ya boma ya Stadthuys ndi tchalitchi cha Christ Church cha mu 1753, zomwe lero n'zofiira ndipo zili pa chithunzi chilichonse chotsatsa mzindawu. Angerezi adalowa mumzindawu mu 1795, ndipo mu 1807 adayamba kuphwasula linga la Apwitikizi ndi onga kuti lisadzathandize mdani. Chipata chija chidapulumuka chifukwa mkulu wina wachingerezi, Stamford Raffles, adalowererapo. Pangano la Angerezi ndi Adatchi la mu 1824 lidapereka Melaka kwa Angerezi kotheratu.

Pofika nthawi imeneyo doko lidali litafooka kale. Mtsinje udadzaza matope, zombo zidakula, ndipo Penang, yomwe Angerezi adatsegula mu 1786, ndi Singapore ya mu 1819 zidatenga malonda onse akuluakulu. Melaka idasanduka tauni yabata ya alimi a mphira, asodzi ndi mabanja akale olemera. Kuiwalika kumeneku n'komwe kudaisunga. Ku Singapore ndalama zidagwetsa misewu yambiri yakale kuti pamangidwe nyumba zosanja. Ku Melaka padalibe wofulumira kugwetsa kanthu.

Ana a doko

Zaka mazana anayi za alendo okhalitsa zidabala mitundu ya anthu yomwe chiyambi chake ndi dokoli. A Baba ndi Nyonya ndi zidzukulu za amalonda achitchaina omwe adakwatira akazi akomweko. Amalankhula Chimalay chawochawo, amalemekeza makolo mwachitchaina, ndipo kaphikidwe kawo kamaphatikiza mbali zonse ziwiri. A Chitty, omwe mudzi wawo uli ku Gajah Berang, ndi zidzukulu za amalonda Achitamil: Ahindu pa chipembedzo, Amalay pa chilankhulo ndi kavalidwe. Ndipo pali a Kristang, Akatolika ochokera ku maukwati a Apwitikizi ndi anthu akomweko, omwe chilankhulo chawo chidachokera ku Chipwitikizi chakale chosakanikirana ndi Chimalay. M'zaka za m'ma 1930 ansembe adathandiza kuwapezera malo m'mphepete mwa nyanja ku Ujong Pasir, omwe amatchedwa Portuguese Settlement. Ambiri adali asodzi, ndipo chikondwerero chawo chachikulu ndi cha San Pedro, woyera woyang'anira asodzi, kumapeto kwa Juni, pomwe wansembe amadalitsa mabwato okongoletsedwa.

Pamsewu umodzi wa m'tauni yakale pali kachisi wachitchaina wa Cheng Hoon Teng wa m'zaka za m'ma 1600, mzikiti wa Kampung Kling ndi kachisi wachihindu wa Sri Poyyatha Vinayagar Moorthi, motalikirana pang'ono chabe. Onsewo akugwirabe ntchito. Pamene bungwe la UNESCO lidaika Melaka pamodzi ndi George Town ya ku Penang pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse pa 7 Julayi 2008, silidatchule nyumba zokha. Lidatchulanso chikhalidwe chamoyo cha mitundu yosiyanasiyana, zipembedzo, zilankhulo, zakudya ndi miyambo. Apa m'pamene pagona vuto, popeza khoma ungaliteteze ndi lamulo, koma banja silingakakamizidwe kukhala pomwe lendi yalikulira.

Momwe alendo adabwerera

Boma la chigawo cha Melaka silidayambe ndi chikondi pa zakale. Mu 1984 lidafuna kusalaza Bukit Cina, phiri la manda achitchaina oposa 12,000, ena a m'nthawi ya Ming, kuti pamangidwe nyumba. Anthu adakana mwamphamvu mpaka ganizolo lidathetsedwa. Patangopita zaka zisanu, mu 1989, boma lidalengeza Melaka kukhala mzinda wa mbiri, litaona kuti zakale zili ndi ndalama. Msewu waukulu wodutsa dziko lonse kuchokera kumpoto kufika kummwera utatha mu 1994, Melaka idakhala ulendo wa maola awiri kuchokera ku Kuala Lumpur ndi atatu kapena anayi kuchokera ku Singapore.

Chaka cha 2000 chidasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, lamulo lakale loletsa eni nyumba zomangidwa kumayambiriro kwa 1948 kapena m'mbuyo mwake kukweza lendi mwachisawawa lidasiya kugwira ntchito. Lamulolo lidali ndi zoipa zake, chifukwa mwini nyumba wolandira kandalama kochepa sankakonza denga, koma ndilo lidasunga osula zitsulo, osoka nsapato, opala matabwa ndi ogulitsa mankhwala azitsamba pakati pa tauni. Chachiwiri, msewu wa Jonker udayamba kutsekedwa madzulo a Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu kuti pakhale msika wausiku. Msikawo udatchuka msanga. Lendi idakwera, mabanja adayamba kusamuka, ndipo nyumba zawo zidasanduka malo odyera, masitolo a mphatso ndi mahotela ang'onoang'ono. Zina zidatsekedwa mazenera n'kusanduka zoweteramo timbalame tomwe zisa zake zimagulidwa pamtengo wokwera ku China, mpaka akuluakulu ataletsa ulimi umenewu m'dera lotetezedwa. UNESCO itabwera mu 2008, moto udali utayaka kale, ndipo dzinalo lidangouwonjezera. Mliri wa Covid-19 usadafike, chigawo cha anthu pafupifupi miliyoni imodzi chinkalandira alendo oposa mamiliyoni 15 pa chaka, ambiri a iwo a m'dziko momwemo, ndipo unyinji wawo unkathira m'kadera kosakwana mahekitala 50.

Chiwerengero chotere chimakoma m'kamwa mwa nduna, koma chimabisa zambiri. Mlendo wobwera pabasi m'mawa amajambula pa Stadthuys, kukwera beca, njinga ya matayala atatu yonyamula anthu ngati kabaza wathu koma yodzaza maluwa apulasitiki, zidole ndi nyimbo zaphokoso, kudya mpunga wa nkhuku woumba timipira, kugula kamphatso komwe mwina kapangidwa kunja, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Wagwiritsa ntchito msewu, chimbudzi, madzi ndi motaya zinyalala, koma ndalama yomwe wasiya ndi yochepa, ndipo yagwera m'manja ochepa. Ngakhale msonkho womwe Melaka imadula pa chipinda cha hotela usiku uliwonse pofuna kusamalira zakale sumukhudza, chifukwa sagona. Amene amagona masiku atatu, kulowa m'nyumba ya Baba ndi Nyonya yosungiramo zakale, kukadya nsomba ku Ujong Pasir ndi kulipira womuperekeza wa komweko akhoza kusiya zochuluka kuposa anthu khumi a pabasi, koma pa chiwerengero cha boma iye ndi mmodzi, iwo ndi khumi. Boma likamayesa kupambana kwake ndi mitu ya anthu, limamanga zokopa mitu: nsanja yozungulira ya Taming Sari ya mamita 110, malo oimika mabasi, masitolo akuluakulu. Pokumba maziko a nsanjayo mu 2006 adagunda khoma la linga la Adatchi lokwiririka, ndipo nsanjayo idasunthidwira pena. Apo mbiri idapambana, koma idapambana mwamwayi.

Nyumba yomwe imapuma

Nyumba zakale za m'misewu ya Heeren ndi Jonker n'zopapatiza kumaso koma zazitali kulowa m'kati, zina mamita oposa 50. Pakati pake pali mabwalo ang'onoang'ono opanda denga olowetsa kuwala, mvula ndi mpweya, kotero kuti kutentha kumatuluka kokha. Makoma ndi a njerwa zofewa zomatidwa ndi laimu. Dothi la pansi pake ndi lonyowa ndiponso lamchere, popeza nyanja idali pafupi. Laimu amalola chinyezi kukwera m'khoma n'kutuluka. Mchere umatsalira pa pulasitala, yemwe amatha kusinthidwa.

Wogula nyumbayo kuti ikhale hotela amafuna zipinda zambiri, zimbudzi zambiri ndi makina oziziritsa. Amatseka bwalo lija ndi denga, kuthira simenti pansi, kumata khoma ndi simenti ndi penti wosalowa madzi. Chinyezi chimasowa potulukira, chimakwera m'mwamba, mchere n'kuyamba kudya njerwa ndi mitanda ya denga, nthawi zina mpaka khoma la nyumba yoyandikana nayo, chifukwa nyumbazi zimagawana makoma. Kumaso kumaoneka bwino, ndipo woyendera wa khonsolo akhoza kudutsa osaona cholakwa. Njira yabwino ilipo ndipo idaonetsedwa: bungwe losamalira zakale la Badan Warisan Malaysia lidakonza nyumba nambala 8 mumsewu wa Heeren ndi laimu, matabwa ndi matailosi a mtundu wakale, ndipo kukonzedwa kwa kachisi wa Cheng Hoon Teng kudalandira mphoto ya UNESCO. Malamulo aliponso, la chigawo la mu 1988 ndi la dziko la mu 2005. Chovuta n'chakuti amisiri odziwa laimu ndi ochepa, ntchito yawo imachedwa, ndipo mwini hotela ali ndi ngongole kubanki.

Za mtsinje ndinene mwachidule. Udali wonunkha, ndipo ntchito yowuyeretsa ya m'zaka za m'ma 2000 idathandizadi: anthu amayenda m'mbali mwake madzulo, mabwato a alendo amadutsa. Koma makoma a konkire adalowa m'malo mwa magombe akale, ndipo ngalawa zamatabwa zomwe zinkabwera ndi katundu kuchokera ku Sumatra zidachotsedwamo. Ntchito yotsiriza ya doko lakale idachoka kuti malo a doko aoneke bwino.

Kukwirira nyanja

Chiwonongeko chachikulu sichili m'dera lomwe UNESCO imayang'anira, chili kunja kwake pang'ono. Kuyambira m'ma 1970, Melaka yakhala ikuthira mchenga m'nyanja kuti ipeze malo ogulitsa. Kwa boma la chigawo chaching'ono chopanda migodi, iyi ndi njira yapafupi yopezera ndalama: kampani imathira mchenga ndi ndalama zake, boma n'kulandirapo gawo. Umo ndi momwe mudabadwira dera la Melaka Raya ndi chilumba chochita kupanga cha Pulau Melaka, komwe nyumba zambiri zamalonda zidakhala zaka zopanda anthu. Mu 2014 idakhazikitsidwa ntchito ya Melaka Gateway, yolonjeza zilumba zatsopano, doko la sitima zikuluzikulu za alendo ndi mahotela, pa ndalama zoposa mabiliyoni 40 a maringiti, ndalama za ku Malaysia. Mu Novembala 2020 boma la chigawo lidathetsa mgwirizanowo ponena kuti ntchito sidathe pa nthawi yake, nkhani n'kufika ku khoti. Mchenga wothiridwa kale udatsala pomwepo.

Amene adalipira ndi a Kristang. Mudzi wawo wayang'anizana ndi malo okwiriridwawo. Madzi akaleka kuyenda momasuka, matope amaunjikana, gombe limasanduka thope lonunkha, ndipo bwato limatha kutuluka pokhapokha nyanja ikadzaza. Tizilombo ting'onoting'ono ta m'nyanja ta mtundu wa shrimp totchedwa geragau, tomwe asodzi ankakokolola m'madzi osaya ndi maukonde okankha ndi manja kuti apange chakudya chotchuka cha cincalok, tidachepa. Anthuwa adachita zionetsero kangapo. Kumpoto kwa gombe lomweli, akamba a m'nyanja omwe amaikira mazira pamchenga wa Melaka akusowa poikira pomwe gombe lasinthidwa ndiponso pomwe magetsi akuwala usiku wonse.

Izi zimandipweteka chifukwa mudzi womwewu ndi umene umatsatsidwa kwa alendo. Pa Khirisimasi anthu amadzaza kudzaona nyali, pa San Pedro amadzaona magule. Koma msodzi akasiya nyanja, mwana wake amapita ku Kuala Lumpur, Singapore kapena Perth ku Australia, ndipo mdzukulu amakula akulankhula Chingerezi. UNESCO yomweyo idaika Chikristang pa zilankhulo zomwe zili pangozi yaikulu yotha. Pali anthu odzipereka omwe akuphunzitsa ana ndi kulemba mabuku a chilankhulochi, koma chilankhulo chimakhala ndi moyo pomwe anthu akugwirira ntchito limodzi, ndipo ntchito ya mudziwu idali nyanja.

Palinso madzi akumwa. Melaka ilibe mitsinje ikuluikulu. Mu 1991 damu la Durian Tunggal lidauma, anthu n'kuvutika kwa miyezi, ndipo kuyambira pamenepo chigawochi chimadalira madzi ena ochokera ku mtsinje wa Muar, womwe uli m'manja mwa chigawo choyandikana nacho cha Johor. Kumayambiriro kwa 2020 madzi adagawidwanso mosinthana masiku kwa anthu mazanamazana a zikwi. Hotela iliyonse yatsopano yokhala ndi dziwe losambiramo imamwa pachitsime chomwecho. Miyezi yochepa pambuyo pake mliri udatseka malire, omwe sadatsegulidwe mpaka Epulo 2022, ndipo misewu ya Jonker ndi Heeren idaonetsa chomwe idasanduka: alendo atachoka, okhalamo oti agule kwa wogulitsa khofi adali ochepa.

Zomwe zingatheke

Sindikunena kuti alendo aleke kubwera. Popanda iwo, nyumba zambiri zikadagwa zokha, ndipo achinyamata ambiri a ku Melaka akadasowa ntchito. Kutseka misewu ya pakati pa tauni kwa magalimoto madzulo a kumapeto kwa sabata, komwe kudayamba mu 2023, ndi chiyambi chabwino, ngakhale amalonda ena adadandaula. Koma zinthu zitatu zikanasintha nkhani yonse. Boma likanawerenga mausiku omwe alendo agona ndi chiwerengero cha mabanja okhala m'tauni yakale, n'kumazilengeza chaka ndi chaka monga limalengezera alendo. Ndalama za msonkho wa zakale zikanathandiza mwini nyumba kukonza ndi laimu, pa mgwirizano woti mmisiri kapena banja lomwe lili pa lendi lisachotsedwe kwa zaka zingapo. Ku George Town njira zofanana ndi imeneyi zayesedwapo kudzera ku bungwe la Think City. Ndipo mabasi a tsiku limodzi akanalipira polowa, kuti katundu asagwere ogona okha.

Chachikulu koposa ndi gombe. Mu 2021 boma la chigawo lidalengeza dongosolo lina lotchedwa Melaka Waterfront Economic Zone, lokhudza makilomita 33 a gombe, lomwe mbali yake yaikulu ndi kukwiriranso nyanja. Malire a UNESCO sakufika kumeneko. Omwe angalisinthe ndi a nthambi ya boma yoona za chilengedwe, omwe amavomereza kapena kukana malipoti a momwe ntchito ingakhudzire nyanja, komanso ovota a ku Melaka, omwe mu 1984 adakanitsa kusalaza Bukit Cina.